Lamulo Lateteza Mtengo, Laiwala Wodzala

Ku Brazil kuli lamulo loletsa kudula castanheira, mtengo umene umabereka mtedza wa Brazil. N'chifukwa chake m'zigawo monga Pará ndi Acre, kumene nkhalango inaswedwa kuti pakhale msipu wa ng'ombe, mitengoyi imapezeka itaima yokhayokha pakati pa udzu, ikuluikulu ndithu, pakuti mtunduwu umatalika mpaka mamita 50. Pa pepala mitengoyo ndi yotetezedwa, koma mtengo umene sukusiya mbande wayamba kale kufa, ngakhale utakhala zaka 500. Amene amadzala castanheira m'nkhalango ya Amazon ndi aguti, kanyama ka miyendo yaitali kolemera makilogalamu awiri mpaka asanu ndi limodzi, wachibale wa mbira zoweta. Kuteteza mtengo n'kusiya kanyamaka kuti kathe n'kudzinamiza.

Chipatso cha castanheira ndi chigoba chouma gwa ngati dzaye lalikulu, cholemera mpaka makilogalamu awiri, ndipo chikagwa sichisweka. Mtedza 10 mpaka 25 umakhala wotsekeredwa m'katimo. Mwa nyama zochepa zimene zimatha kuboola chigobacho, aguti ndiye katswiri, chifukwa cha mano ake akutsogolo amene amakula moyo wake wonse. Akaboola amadyako pang'ono, wotsalawo n'kumaukwirira umodziumodzi m'timaenje tosiyanasiyana kuti adzadye nthawi ya njala. Wina amauiwala, kapena iye mwini amagwidwa ndi njuzi za kumeneko asanaufukule, ndipo mtedza umenewo ndiwo umamera. Akatswiri anaona zodabwitsa pa chilumba cha Barro Colorado ku Panama, m'kafukufuku amene Patrick Jansen ndi anzake anafalitsa mu 2012. Anamangirira tizipangizo ta wailesi ku njere za mgwalangwa wotchedwa Astrocaryum, ndipo anapeza kuti tinyamati timaberana nkhokwe: kena kakakwirira, kanzake kamafukula n'kukabisa kwina. Njere ina inasamutsidwa maulendo 36. Kuberana kumeneku n'kumene kumafikitsa njere kutali ndi mtengo wamake, kumene tizilombo toboola mbewu n'tochepa.

Wina anganene kuti aguti ndi wakudya njere basi, ndipo zimene amadzala ndi zangozi. N'zoona, njere zambiri zimathera m'mimba mwake. Koma funso ndi lakuti popanda iye zikanathera kuti, ndipo yankho lake n'lakuti zambiri zikanaolera m'chigoba momwemo pansi pa mtengo. Mtengo wobereka kwa zaka mazana ambiri sufuna kuti njere zonse zimere. Zochepa zokha zikakwiriridwa pamalo abwino, mtundu wapitirira. Ena amati nanga nkhawa n'njachiyani, poti mitundu yambiri ya aguti sili pangozi yotheratu? Apa ndi pamene ndikuona kuti kawerengedwe kathu kamasocheretsa. Mndandanda wa bungwe la IUCN umayesa ngati mtundu ungathe pa dziko lonse, ndipo pamenepo ndi ochepa, monga aguti wa ku Mexico ndi wa pa chilumba cha Roatán ku Honduras, amene ali pamavuto enieni. Koma mtengo wa ku Acre sudzaliridwa ndi aguti wa ku Peru. Nyamayi ikatha m'chidutswa chimodzi cha nkhalango, ntchito yake yatha pamenepo, ngakhale kwina ili mbwee. Katswiri wina, Kent Redford, anachenjeza za zimenezi mu 1992: nkhalango ikhoza kuoneka yathunthu, mitengo ili chiimire, pamene nyama zimene zimaisamalira zinasakidwa kalekale.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha anthu okhala m'nkhalangomo. Kwa iwo aguti, pamodzi ndi m'bale wake wamkulu wa mawangamawanga wotchedwa paca, ndi ndiwo, komanso ndi mbala ya m'munda wa chinangwa. Mabanja zikwizikwi ku Bolivia, Peru ndi Brazil amadalira kutola mtedzawu, ndipo pa miyezi imene amakhala m'tchire akutola, amasakanso. Mu 2003 Carlos Peres ndi anzake anayerekeza malo 23 m'maiko atatuwa, napeza kuti kumene mtedza wakhala ukutoledwa kwambiri kwa zaka zambiri, mitengo yaing'ono njosowa. Akatswiri ena pambuyo pake anapeza madera amene kutola sikunalepheretse mbande kumera, choncho mlandu sunagamulidwe. Ine sindikuona chifukwa chothamangitsira otola mtedza kapena kuletseratu kusaka. Anthu amenewa ndiwo amapangitsa kuti nkhalango yoima ikhale ndi phindu kuposa msipu, ndipo aguti, amene kawirikawiri amaswa ana awiri atatenga bere miyezi itatu kapena inayi yokha, amapirira kusakidwa kuposa nyama zikuluzikulu zoswa mochedwa. Chofunika n'chakuti amene amaika malire a katoledwe ka mtedza aziwerenganso tinyamati, kuti pazikhala nyengo ndi malo osasakako, ndiponso zigoba zina zizisiyidwa pansi dala.

Zotsatira za kunyalanyaza zikuoneka ku Tijuca, nkhalango ya pakati pa mzinda wa Rio de Janeiro. Inadzalidwanso ndi manja a anthu kuyambira mu 1861 pamalo amene minda ya khofi inawononga, ndipo mitengo inakula bwino, koma nyama zambiri sizinabwerere. Zipatso za njere zikuluzikulu zinkangounjikana pansi n'kumaola. Mu 2010 akatswiri a ntchito imene lero imatchedwa Refauna anayamba kubwezeretsamo aguti, ndipo tinyamato tinaswana n'kuyambanso kukwirira njere. Anyani olira mokuwa anatsatira mu 2015. Nyama iliyonse inayenera kupimidwa matenda, kuzoloweretsedwa mu mpanda, kenako kulondoledwa kwa miyezi, ndipo zonsezi zinachitika m'nkhalango ya masikweya kilomita pafupifupi 40, pamene Amazon ndi ya mamiliyoni.