Injini sinoka tsiku limodzi: mfundo zofunika kwa eni malole ndi maminibasi

Galimoto zambiri zimene zikudyetsa mabanja ku Chiradzulu n'zadizilo: malole otuta miyala ku Njuli, maminibasi a mumsewu wa ku Zomba odutsa pa Mbulumbuzi ndi Namadzi, ena a mu Midima otsitsa anthu pa Nguludi, ndi ma Land Cruiser onyamula odwala. Injini ikanoka, mwini wake amati ndi tsoka, ena mpaka kuloza mnzawo wa pasiteji. Koma makaniko akatsegula pamwamba amapeza kuti zitsulo zinayamba kudyeka kalekale, ndipo anazidyetsa ndi anthu a m'nyumba momwemo.

1. Wokhala kutali ndi gwero ndiye amayamba kuvutika.

Oyilo amagona pansi mu sampu, ndipo pampu imachita kumukankha kuti akwere. Pamwamba, pamene pali mavavu, ma rocker ndi ma tappet, komanso camshaft m'mainjini ambiri, amafikapo pomalizira. Chonsecho mpamene ntchito ili yowawa. Crankshaft imayandama pa oyilo, koma nsonga ya camshaft imakanikiza chitsulo chinzake mwamphamvu moti oyilo amapyapyala mpaka zitsulo kukhudzana. Injini ikamazungulira ka 2,000 pa mphindi, vavu iliyonse imatseguka ka 1,000. Tsono taganizani za dalaivala amene m'mawa wa mu June, kukuzizira, amangoliza n'kuponda moto pomwepo kuti akapeze malo pamzere ku Limbe. Sindingachitire mwina kuona kuti pantchito napo zimayenda chomwecho: ndalama imafika pomalizira kwa kondakitala ndi wokweza katundu, amene amakhuzika kuposa onse.

2. Musathamangire botolo la zozizwitsa.

Oyilo wa injini si mafuta chabe. Opanga amasakanizamo kale mankhwala: ena otsuka ndi kupha asidi, ena ogwira mwaye kuti usaundane, ndi ena oteteza zitsulo. Wotchuka pa otetezawa ndi ZDDP, wokhala ndi zinc ndi phosphorus, amene wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1940. Pamene zitsulo zikukhuzana n'kutentha, mankhwalawa amayala kachikuto kopyapyala kwambiri, ndipo kamene kamadyeka ndi kachikutoko, osati camshaft. Zonsezi anaziyeza kuti zikhalirane bwino. Mukathiramo botolo lina la m'shopu, mwasokoneza muyeso umene simukuudziwa.

Chinyengo cha mabotolowa si cha kuno kokha. Mu 1997 bungwe la boma la America loona zamalonda, Federal Trade Commission, linaletsa eni ake a mankhwala othira mu oyilo otchedwa Slick 50 kumalengeza zinthu zopanda umboni zokhudza kuchepetsa kudyeka kwa injini. Kwathu kuno chimene chimandinyansa kwambiri ndi china: munthu kuthira mankhwala olimbitsa oyilo kuti phokoso la ma tappet lizizire, utsi uchepe, kenaka n'kugulitsa galimotoyo kwa mphunzitsi amene watenga ngongole. Kumeneko n'kuba, ngakhale kuchitike masana pamaso pa mboni.

3. Kuda si mlandu, koma mwaye uli ndi malire.

Oyilo wa mu injini yadizilo amada msanga, ndipo kudako kumasonyeza kuti akugwira mwaye m'malo mousiya umatirire pazitsulo. Vuto limabwera mwaye ukachuluka kuposa mphamvu ya oyiloyo. Pamenepo timibulu take timapala kachikuto koteteza kaja, oyilo amalimba, ndipo amachedwa kukwera pamwamba. N'chifukwa chake muyeso wa API CH-4, umene unabwera mu 1998, unafuna kuti oyilo ayesedwe mu injini ya Cummins M11 ali ndi mwaye wambiri, n'kuona mmene zitsulo za mavavu zadyekera.

Mwaye umachokera kuti? Ku lole yosenzetsedwa miyala kupyola mlingo, ikufuka utsi wakuda pachitunda. Ku ma injector otha. Ku minibasi imene imakhala ikulira pasiteji ola lathunthu, dalaivala akuponda moto kuti okwera aganize kuti inyamuka posachedwa. Mita ya makilomita siyenda galimoto itaima, koma oyilo akukalamba. Wowerenga makilomita okha amadzinamiza. Galimoto zotere zimafuna kusintha oyilo msanga kuposa mmene buku limanenera za msewu wabwino.

4. Safunsa anadya phula.

Manambala a 15W-40 amangonena za kulimba kwa oyilo kukazizira ndi kukatentha. Sanena za ubwino wake. Ubwino uli pa zilembo za API. Zoyamba ndi S n'za petulo, zoyamba ndi C n'za dizilo: CH-4, CI-4 ya mu 2002, CJ-4 ya mu 2006, CK-4 ya mu 2016. Kuyambira pa CJ-4, phosphorus anamuikira malire a 0.12 peresenti ndipo phulusa analichepetsa, pofuna kuteteza sefa ya utsi yotchedwa DPF. Choncho lole ya kaunjika yochokera ku Japan yokhala ndi DPF isapatsidwe oyilo amene mumathira mu injini yakale ya Land Cruiser yotchedwa 1HZ chifukwa chakuti mgolo wake ulipo kale m'galaja. Nanga oyilo wa m'mabotolo a zakumwa, wopanda dzina, wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, mungamufunse ndani kuti ndi wa mtundu wanji?

5. Chotchipa kunja chimawononga chodula m'kati.

Misewu yolowa kwa Kadewere, kwa Nkalo ndi kwa Likoswe imafuka fumbi mu October. Sefa ya mpweya ikang'ambika, kapena paipi yake ikamasuka, mchenga umalowa n'kukathera mu oyilo, ndipo palibe oyilo wodula amene angaugonjetse. Chimodzimodzi dizilo wa m'zigubu pa nthawi ya kusowa kwa mafuta: wothiridwa palafini kapena madzi amapha pampu ndi ma injector, mwaye n'kuwonjezeka.

6. Bwana, mlandu wina ndi wanu.

Eni galimoto amakonda kudandaula kuti madalaivala ndi amakaniko ndi akuba: ndalama ya sevisi yaperekedwa, fyuluta angoipukuta kunja, oyilo angowonjezera pamwamba pa wakale, lisiti n'kulemba. Zimachitikadi. Koma ndani anaika ndalama ya tsiku yoti dalaivala sangaikwanitse akaimika galimoto theka la tsiku ku galaja? Ndani amati "tidzaona mwezi wamawa" akauzidwa kuti pamwamba payamba kulira? Wantchito amene amadulidwa malipiro akanena vuto amaphunzira kukhala chete, ndipo amakweza wailesi.

Mwini galimoto zitatu kapena zisanu agule yekha oyilo wa mtundu umodzi kwa wogulitsa wodziwika, chidindo chisanamatulidwe. Galimoto iliyonse ikhale ndi kope lake: tsiku, makilomita, oyilo wanji, malita angati, fyuluta yanji, ndi mpata wa mavavu monga makaniko waupimira ndi feeler gauge. Mpata umene ukukula sevisi iliyonse ukunena kuti china chake chikudyeka, nthawi ikadalipo yosintha rocker imodzi m'malo mogula injini yonse. Fyuluta yakale ibwezedwe kwa mwini wake, aione ndi maso. Ndipo tsiku la sevisi dalaivala alandire malipiro ake onse, pakuti mukalidula tsikulo, mwezi wamawa adzakuuzani kuti oyilo akadali bwino.