Kodi Kuvomereza Kusadziŵa Ndiko Kufooka?

SETILAITI yoyamba ya Zimbabwe, yotchedwa ZimSat-1, inaponyedwa m'mlengalenga mu November 2022. Siteshoni yake ya pansi inakonzedwa ku Mazowe, m'chigawo cha Mashonaland Central, chimenenso muli mafamu ndi migodi ya ku Shamva. Mu 2023 setilaitiyo inatsika ndi kupsa mumpweya. Akatswiri anadziŵa kuyambira pachiyambi kuti idzagwa, koma palibe amene akanatha kutchuliratu tsiku lake. Nchifukwa ninji?

Ngakhale pamtunda wa makilomita 400 kuchokera pansi, pamakhalabe mpweya wochepa kwambiri umene umakhuzana ndi setilaiti ndi kuitsitsa pang'onopang'ono. Mpweya umenewo sukhala wofanana masiku onse. Pamene dzuŵa litulutsa mphamvu yochuluka, iwo umatentha ndi kufufuma, ndipo kukhuzanako kumakula. Zimenezo zinafulumiza kugwa kwa Skylab, imene zidutswa zake zinamwazika kumadzulo kwa Australia pa July 11, 1979. Mu February 2022, masetilaiti 38 mwa 49 a Starlink anawonongeka mofananamo atangoponyedwa kumene.

Kodi zimenezi zikutanthauza kuti kuŵerengera kwa asayansi nkwachabe? Kutalitali! Malamulo a kayendedwe ka setilaiti ngodziŵika bwino. Chovuta ndicho kuneneratu zimene dzuŵa lidzachita. Ndipo popeza kuti setilaiti imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90, kuphonya ndi mphindi zoŵerengeka chabe kumasuntha malo ogwera ndi makilomita zikwi zambiri. Chotero katswiri woona mtima amatchula nyengo imene chinthucho chingagwe, osati ola limodzi.

Komabe, anthu ambiri amakonda yankho lotsimikiza. Mlimi wa ku Shamva amene ali ndi thumba limodzi lokha la mbewu ya chimanga angafune kuuzidwa tsiku lenileni lobzala. Mlangizi wolonjeza mvula kuti aoneke wanzeru angamtayitse mbewuyo. Koma amene afotokoza zimene akudziŵa, ndi kusonyeza pamene chidziŵitso chakecho chikuthera, amamthandiza kubzala mwanzeru, mwinamwake kusungako mbewu ina. Kodi ndani mwa aŵiriwo amene wamchitira ulemu mlimiyo?

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Munthu wovomereza zimenezo sakhala wofooka, ndiponso saleka kuŵerengera. Iye amapima, amalinganiza, ndipo amawongolera maganizo ake umboni watsopano ukapezeka. Mawu a munthu woteroyo ndiwo oyenera kuwadalira pamene anena kuti akudziŵa.