KODI TSIKU LIMODZI LINGAYESE MUNTHU?

Pali funso lakale limene anthu anzeru akhala akulisinkhasinkha: kodi munthu ayenera kuyesedwa ndi chinthu chachikulu chimene anachita tsiku limodzi, kapena ndi ntchito zazing'ono zimene anazigwira masiku onse? Funsoli lioneka ngati la m'mabuku, komatu lili pakati pa anthu ponseponse. Pamudzi uliwonse alipo wina wotamandidwa kosalekeza chifukwa cha mwayi umodzi, ndi winanso wonyozedwa kufikira kumanda chifukwa cha kuphonya kumodzi. Mbiri ya Jimmy Glass, goloboyi wa ku England, ithandiza kuliunika funsoli.

Ku England matimu 92 a mpira wolipidwa anagawidwa m'magawo anayi. A gawo loyamba amatchuka pa dziko lonse, koma a magawo apansi amasewera m'matauni ang'onoang'ono, malipiro ao ndi ochepa, ndipo mgwirizano wa wosewera kawirikawiri sukhalitsa. Kumeneko ndiko kunali moyo wa Glass. Iye anabadwa mu 1973, naphunzira ntchito yake ku timu ya Crystal Palace, koma sanapeze malo m'timu yaikulu. Ankangobwerekedwa ku matimu ena. Mu 1996 anapita ku Bournemouth, kumene anatchinga pagolo zaka ziwiri. Mu Epulo 1998 timuyo inafika mu ndime yotsiriza ya chikho china pa bwalo lotchuka la Wembley. Pamenepo mpira unamugunda Glass nulowa mu ukonde wake womwe, ndipo Bournemouth inagonja kwa Grimsby Town ndi zigoli 2 kwa 1. Chaka chomwecho anasamukira ku Swindon Town, kumene nthawi zambiri ankakhala pa benchi.

Tsono mu 1999 timu ya Carlisle United, ya m'gawo lachinayi, inali pamavuto. Inali itagulitsa goloboyi wake Tony Caig ku Blackpool, ndipo wina amene inabwereka anaitanidwanso ndi eni ake. Nyengo yogula osewera inali itatsekedwa, koma akuluakulu a ligi anailola kubwereka Glass. Iye anaisewerera masewero atatu okha. Pa tsiku lotsiriza, 8 Meyi 1999, Carlisle inali pansi pa matimu onse, ndipo lamulo linali lakuti timu yotsiriza ituluke mu ligi, m'mene Carlisle inakhalamo kuyambira 1928. Anzao a pamavuto, a Scarborough, anafanana mphamvu ndi Peterborough, 1 kwa 1, ndipo ochemerera ao anayamba kale kukondwera, pakuti ku Brunton Park nako Carlisle ndi Plymouth Argyle anali pa 1 kwa 1, nthawi itatha. M'mphindi zoonjezera Carlisle inapeza kona. Glass anasiya golo lake nathamanga bwalo lonse. Graham Anthony anaponya konayo, Scott Dobie anaumenya ndi mutu, goloboyi wa Plymouth, James Dungey, anaukankha, ndipo unagwera pa mapazi a Glass, amene anaulowetsa. Carlisle inapulumuka, Scarborough inatuluka.

Chotsatira chake nchodabwitsa. Glass sanaseweretso Carlisle ngakhale kamodzi. Anabwerera ku Swindon, nayendayenda m'matimu ena monga Brentford ndi Oxford United osakhazikika, ndipo anasiya mpira wolipidwa ali ndi zaka 27 zokha. Pambuyo pake anagulitsa zipangizo za makompyuta, nayendetsanso takisi m'dera la Dorset. Dzina lake likumbukika kufikira lero, koma likumbukika chifukwa cha ntchito imene sinali yake, pakuti goloboyi salembedwa kuti azigoletsa.

Nanga munthu wotere ayesedwe bwanji? Choyamba chofunika kuchiona nchakuti masiku awiri aja, la ku Wembley ndi la ku Carlisle, anagwera munthu mmodzi yemweyo, ndipo anangotalikirana chaka chimodzi. Ngati tsiku limodzi liyesa munthu, ndiye kuti Glass anali wachabechabe mu 1998, nasanduka ngwazi mu 1999. Koma manja ake, maso ake ndi mtima wake sizinasinthe. Chimene chinasintha ndi kumene mpira unagwera. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mwayi ndi tsoka zimafika mwadzidzidzi, ndipo si chilungamo kumuika munthu pa muyeso wa zinthu zimene sanazisankhe.

Chachiwiri, m'chimene anachita pa 8 Meyi muyenera kulekanitsidwa mbali ziwiri: maganizo ake ndi zotsatira zake. Kusiya golo ndi mlandu waukulu kwa goloboyi, pakuti adani akalanda mpira amagoletsa mosavuta. Koma tsiku limenelo kufanana mphamvu kunali chimodzimodzi ndi kugonja. Panalibe kanthu koti asunge kumbuyo. Chifukwa chake kuthamanga kwake kunali kwanzeru, ndipo kukadakhalabe kwanzeru ngakhale mpirawo ukadapita padera. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokera: amatama chochita chifukwa chatha bwino, nachinyoza chifukwa chatha moipa, osafunsa ngati wochitayo anaganiza molungama pa nthawi yochita. Dungey naye anachita ntchito yake, pakuti anautchinga mpira wa Dobie. Koma popeza unagwera mdani, palibe amene amamutama.

Chachitatu, ntchito yeniyeni ya goloboyi ndi yobisika, chifukwa zipatso zake ndi zinthu zimene sizinachitike. Wogoletsa amawerengedwa zigoli zake. Koma ndani amawerenga zigoli zimene zinalephereka chifukwa goloboyi anaima pamalo poyenera, kapena anachenjeza otchinga kumbuyo nthawi isanathe? Akalakwa kamodzi bwalo lonse liona. Akachita bwino kakhumi anthu amati mpirawo unali wosavuta. Glass anasewera masewero ochuluka pa mabwalo a matope, pamaso pa anthu owerengeka, ndipo m'menemo ndimo munali kukhulupirika kwake. Ntchito zambiri za pansi pano nzotero. Mlonda amene nyumba yake sinabedwe, mzamba amene ana ake onse anabadwa bwino, mphunzitsi amene anafika m'kalasi m'mawa uliwonse kwa zaka makumi atatu, onsewa alibe tsiku limodzi loti anthu aliloze, koma mudzi umaima pa iwo.

Wina angatsutse nati: kodi tsono masiku aakulu alibe kanthu? Iyayi, ali nako ndithu. Mpira ukadagwera munthu wamantha, kapena wina woganiza kuti timu yobwerekedwako si yake, palibe chikadachitika. Glass anali mlendo wa masabata ochepa, wopanda lonjezo la ntchito, komabe anauyesa mlandu wa Carlisle ngati wake. Chimenechi nchoyenera kuchitama. Tsiku lalikulu limaulula chimene chinali kale mwa munthu, monga mphepo yamkuntho iulula nyumba yomangidwa bwino. Koma si mphepoyo imene inamanga nyumba. Ndiponso mutu umodzi susenza denga: popanda kona ya Anthony ndi mutu wa Dobie, Glass akadathamanga pachabe.

Kuyeneranso kukumbukira kuti chisangalalo cha tsiku lija chinali maliro kwa ena. Scarborough sinabwererenso mu ligi, ndipo timuyo inatha mu 2007. Ngakhale Carlisle imene, imene inapulumutsidwa modabwitsa chotero, inatuluka mu ligi mu 2004, nibwereranso chaka chotsatira. Chigoli chimodzi chinapatsa timuyo zaka zisanu, koma sichinathe kuchiza zofooka zake. Timu, monga banja kapena mudzi, imasungidwa ndi kayendetsedwe kabwino ka tsiku ndi tsiku.

Choncho yankho la funso lija ndi ili: tsiku limodzi lingamutchukitse munthu, kapena kumuchititsa manyazi, koma silingamuyese. Amene akufuna kuweruza mnzake molungama ayambe wafunsa chimene mnzakeyo anafuna kuchita, chimene anadziwa pa nthawiyo, ndi m'mene anagwirira ntchito yake pa masiku amene panalibe womuombera m'manja. Ndipo amene ntchito yake ili yobisika asataye mtima poona kuti dzina lake silitchulidwa. Anthu ambiri sadzapeza konse kona ya mphindi yotsiriza. Koma aliyense ali ndi golo lake loti aliyang'anire, ndipo akaliyang'anira mokhulupirika wachita zonse zimene zifunika kwa iye.