Kodi mwana wosakhazikika ngolakwa?

Aliyense amene anapondako m'kalasi akumukumbuka mwana uja wosatha kukhala pansi. Aphunzitsi ali pabolodi, iye ali pawindo. Funso lisanathe, wayankha kale. Tinkamutcha wopulupudza, ndipo mankhwala ake anali chikoti basi. Koma tadzifunsani abale: tingamuzenge munthu mlandu pa chinthu chimene sangathe kuchiletsa?

Funsoli silalero. Mu 1902 dokotala wa ana wa ku London, George Still, anafotokoza za ana otere nati vuto lawo ndi kulephera kudzigwira pa makhalidwe. Taonani, ngakhale dokotala anayamba ndi mawu a woweruza! Lero vutoli likutchedwa ADHD, dzina limene linakhazikika mu 1987. Limapezeka mwa ana pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndipo kawirikawiri limakhala lakumtundu. Tsono cholakwa cha mwanayo nchiyani?

Sikuti mwana aliyense wojijirika ali nalo, ayi. Madokotala amafuna kuti zizindikiro zikhale zoti zinayamba asanakwanitse zaka 12, zatha miyezi 6, ndipo zikuoneka kunyumba ndi kusukulu komwe. Amayamba aona ngati akumva bwino m'makutu ndiponso ngati akugona mokwanira. Wopita kusukulu ndi njala nayenso samvetsera, koma ameneyo mankhwala ake ndi phala. Kumata mwana dzina la matenda amene alibe ndi kumulakwiranso.

Ena akuti: mukamutcha wodwala, ndiye kuti mwamupatsa chilolezo chochita mwano. Mantha amenewa ngomveka. Koma dzinalo silichotsa udindo, limangougawa bwino. Mwanayo ayenerabe kuphunzira kudikira ndi kupepesa. Ife akuluakulu ndiye tisinthe kaphunzitsidwe. Mumukhazike kutsogolo, mumutume chinthu chimodzi pa nthawi, akachita bwino mumuyamikire pompo. Kwa ana osakwana zaka 6, akatswiri amayamba ndi kuphunzitsa makolo. Okulirapo ambiri amathandizidwa ndi mankhwala onga methylphenidate, koma amatha kuchepetsa chilakolako cha chakudya ndi tulo, choncho pafunika dokotala aziwayang'anira.

Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Zoona, koma kuongola nkwina, kuthyola nkwina. Mwana amene wamva tsiku ndi tsiku kuti ngoipa amafika pokhulupirira. Chikoti chisanatsike, tiyambe tadziwa ngati akukana kapena akulephera.