USIKU WA M'MSASA

M'mwezi wa October, pamene dzuwa liŵamba ndipo m'nyumba za malata simugoneka, munthu wina anamanga msasa wa nthambi pabwalo pace, nayala mphasa, kuti agone kunja pamodzi ndi mkazi wace ndi ana ao atatu. Anawo anakondwa kufikira moto unazilala. Pomwepo kadzidzi analira mu mtengo wa mango, ndipo wamng'ono anagwira dzanja la atate wace, nati, "Atate, tiloŵe m'nyumba, kuno kulibe citseko."

Atate wace sanamdzudzula. Anamfotokozera za pa Levitiko 23, kuti Mulungu analamulira Aisrayeli aturuke m'nyumba zao caka ndi caka, mwezi wacisanu ndi ciŵiri, nakhale m'misasa masiku 7, kuti ana adziŵe kuti makolo ao anayenda m'cipululu zaka 40 opanda citseko, koma anasungika. Mwambowo unalekeka nthaŵi yaitali. Pakuti munthu akakhuta, nakhala m'nyumba yolimba, ayesa kuti njerwa ndizo zimsunga. Koma m'masiku a Nehemiya, atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, anakatema nthambi za azitona ndi za kanjedza, namanganso misasa pamatsindwi ndi m'mabwalo mwao. Ayuda acita comweco kufikira lero.

Mwanayo anafunsa, "Kodi ana a m'cipululu anaopanso usiku?"

"Anaopa, mwana wanga, nalira monga iwe."

Ndipo anagwada onse pamphasa. Kadzidzi analiranso, koma pemphero la amace lisanathe, mwanayo anali m'tulo.