Satana wa pakhungu ndi Satana wa pakamwa

Ndani anamuonapo Satana kuti adziwe kuti ali ndi nyanga ziwiri, mchira wosongoka ndi foloko ya mano atatu? M'buku la Yobu amangotulukira, n'kuyankhula, n'kuchoka, ndipo za nkhope yake sitiuzidwa. Ku Chivumbulutso kuli chinjoka chofiira cha mitu 7 ndi nyanga 10, koma si kamunthu kofiira kamene tonse timakadziwa kaja. Kamunthu kaja anakasoka ndi ojambula a ku Ulaya, pang'onopang'ono, ngati telala wolumikiza zigamba. Akatswiri ambiri a mbiri ya zojambula amati nyanga ndi miyendo ya mbuzi anabwereka kwa Pan, mulungu wa abusa wa Agiriki. Foloko ija imafanana ndi mkondo wa Poseidon, mulungu wawo wa nyanja. Mapiko ndi a mleme.

Ndayamba choncho chifukwa nkhani ya ma tattoo a Satana ikangobuka, anthu amagawikana pawiri. Ena amati wajambulitsayo wagulitsa mzimu, basi zake zada. Ena amati aaa, ndi inki chabe, thupi ndi lake. Ine mbali zonsezi sizindikhutiritsa, chifukwa onsewo amayankhula ngati chithunzi cha Satana n'chimodzi. Mukayang'anitsitsa zimene anthu amajambulitsa, mupeza nkhope zosachepera zinayi, ndipo iliyonse ikunena zake.

Woyamba ndi Satana woseka. Ameneyu ndi wa sitayilo yakale ya ku America: mizere yakuda yonenepa, mitundu yochepa, chithunzi chooneka ngakhale uli patali. Sitayiloyi inatchuka ndi anthu ngati Norman Collins, wodziwika kuti Sailor Jerry, amene ankajambula asilikali a panyanja ku Honolulu mpaka pamene anamwalira mu 1973. M'gulu lomweli muli Hot Stuff, kasatana kakhanda kovala thewera, kamene kanayamba m'mabuku azithunzi a Harvey Comics mu 1957 kenako n'kudzaza m'mikono ya anthu. Wojambulitsa kameneka sakupembedza aliyense. Akungoti, "ine ndine wovutirapo pang'ono." Ndipo tisanamizane, Satana ameneyu tili naye kale pachifuwa. Yang'anani baji ya Manchester United. Alipo ambiri amene Lamlungu m'mawa amaimba kwaya, madzulo avala jezi ya Red Devils, foloko ili poyera. Ku Kitwe nako timu ya Nkana imadziwika ndi dzina lomwelo.

Wachiwiri ndi Satana wolira. Mu 1847 Mfalansa wina, Alexandre Cabanel, anajambula mngelo wogwa: mnyamata wooneka bwino, wabisa nkhope kuseri kwa mkono, diso lili psuu, msozi uli m'mphepete. Diso limenelo lero lili pamikono ndi pamisana yosawerengeka, nthawi zambiri mu inki yakuda ndi yotuwa yokha. Ena amatengera zithunzi zimene Gustave Doré anajambula mu 1866 za buku la John Milton, Paradise Lost. Kukongola kwa Satana ameneyu kunavutitsapo ngakhale ansembe. Mu tchalitchi chachikulu cha ku Liège, ku Belgium, anachotsa chosema cha Lucifer cha Joseph Geefs poona kuti chakongola mopitirira, n'kuikapo china chimene anasema mkulu wake, Guillaume, mu 1848. Wosankha chithunzi chotere kawirikawiri akunena za bala: kukanidwa, kuthamangitsidwa pakhomo, mkwiyo wa munthu amene akudziona kuti analakwiridwa.

Wachitatu si Satana n'komwe, ngakhale kuno timangomuphatikiza. Ndi oni ndi hannya a ku Japan. Hannya ndi chigoba cha m'masewero akale otchedwa Noh, nkhope ya mkazi amene nsanje yamudya mpaka kumera nyanga. Ukachiweramitsa pang'ono chimaoneka chachisoni, ukachiyang'ana maso ndi maso chimaopsa. Ambiri amachijambulitsa ngati chenjezo kwa iwo eni, ena ngati chitetezo. Ife Achewa izi siziyenera kutidabwitsa. M'bwalo la Gule Wamkulu mumatuluka zilombo zoonetsa dyera, chiwerewere ndi uchidakwa kuti oonera aseke, achite manyazi, aphunzire mwambo. Amishoni ambiri oyamba ataona zimenezi anati n'zausatana. Anaona nkhope yoopsa, phunziro osalimva.

Wachinayi ndiye wolemera. Ndi Baphomet, munthu wa mutu wa mbuzi amene Éliphas Lévi anajambula m'zaka za m'ma 1850, komanso mutu wa mbuzi uli m'nyenyezi yozondoka, chizindikiro cha Church of Satan imene Anton LaVey anayambitsa ku San Francisco mu 1966. Gulu limeneli limanena lokha kuti silikhulupirira Satana weniweni. Kwa iwo iye ndi chizindikiro cha munthu wodziika yekha patsogolo. Kaya mukuziona bwanji, ichi ndi chizindikiro cha gulu, chili ndi eni ake. Kuchijambulitsa chifukwa choti "chikuoneka bho" kuli ngati kuvala nsalu ya chipani nthawi ya kampeni n'kumati ndangokonda mtundu wake. Mwina ukunena zoona, koma pamsika palibe akufunse.

Apa ndiye pamene ndimasiyana ndi anzanga a "ndi inki chabe." Sindikhulupirira kuti mu botolo la inki muli mzimu. Koma chithunzi ndi mawu, ndipo tanthauzo la mawu si la woyankhula yekha. Ukhoza kunena kuti kwa iwe nyanga zikutanthauza ufulu, koma khungu lako lidzayankhula pamene iwe sungathe kulimasulira: uli chigonere m'chipatala, wapinda malaya pamaso pa apongozi, wanyamula mwana wako amene akufunsa kuti ababa ameneyu ndi ndani. Jezi umavula mpira ukatha. Tattoo singano yake imalowetsa inki pansi pa khungu lakunja, pamene sipasuluka. Kuifufuta ndi laser kumafuna maulendo angapo ndi ndalama zambiri. Inki yofiira, imene Satana amaikonda, ndi imene imayabwitsa ndi kutupitsa anthu kuposa mitundu ina, ndipo khungu lakuda ngati lathuli limachita zipsera zotukuka mosavuta. Choncho mnyamata wa zaka 22 akusainira bambo wa zaka 50 amene sanafunsidwe. Diso la Cabanel lija ndi lokongola, eya, koma kodi mkwiyo wa chaka chino ndi woyenera kuupatsa malo mpaka kumanda?

Kwa okhulupirira palinso Levitiko 19:28, vesi loletsa kudzicheka ndi kudzilemba zizindikiro pathupi. Mipingo imalimva mosiyana, ndipo agogo athu ambiri analowa m'tchalitchi ali ndi mphini zawo kumaso. Imeneyo ndi nkhani ya munthu ndi chikumbumtima chake.

Koma mawu anga olimba ndawasungira mbali inayo, ya oloza chala. Dzina lakuti Satana m'Chiheberi limatanthauza wotsutsa, woimba mnzake mlandu. Liwu la Chigiriki, diabolos, limatanthauza woneneza. Ntchito imene dzinalo likunena ndi ya pakamwa. Tsono taganizani: wina ali ndi kasatana ka thewera pamkono, sanalakwire munthu. Wina khungu lake lili see, koma akuyenda khomo ndi khomo kuti uje ndi wa satanic, n'chifukwa chake golosale yake ikuyenda. Mwa awiriwa, akugwira ntchito ya mwini dzina ndani?

Funsoli si lamasewera m'dziko muno. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera. Chinawapha ndi mawu amene anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka wina anatola mwala. Ndipo Paulo anachenjeza Akorinto kuti mdaniyo akamabwera amadzionetsa wowala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wakuba ndalama za mankhwala a odwala savala nyanga, amavala suti, ndipo timamupatsa mpando wakutsogolo.

Ine Satana pakhungu langa sindingamuike, ngakhale woseka uja, chifukwa sindifuna kuti thupi langa lizinena chinthu chimene ndiyenera kumachikonza ndi pakamwa tsiku lililonse. Mnzanga akandifunsa maganizo, ndimufunsa zitatu: mwa anayi aja ukufuna uti, ukudziwa kumene anachokera, ndipo udzamufunabe bala likadzapola? Akayankha n'kukajambulitsabe, tidzadyera limodzi nsima monga kale. Amene ndidzayamba kumutalikira ndi uja adzabwere kudzandinong'oneza kuti ndisamayende naye.