BOAZI NDI ANCHITO AKE

Kuwerenga: Rute 2:1-16

Amai okondedwa mwa Ambuye, ena a inu muli ndi nyumba zogona alendo ku Mfuwe, pafupi ndi paki ya South Luangwa, zimene mumayendetsa pamodzi ndi amuna anu ndi ana. Kodi ocapa zofunda, ophika ndi olonda usiku mumawasunga bwanji?

Taonani Boazi. Munda unali wake, koma pofika anayamba wapereka moni kwa okolola m'dzina la Yehova, iwonso anamdalitsa. Pa nthawi ya cakudya anali nao pamodzi. Pokolola, anawauza kuti asiyireko Rute.

Mvula ikagwa, misasa yambiri ya ku Luangwa imatsekedwa ndipo alendo amacepa. Wanchito amene mwambweza kwao cimanjamanja adzawapatsa ciani ana? Njala ingamtume kukachera nyama ndi waya kapena kukaocha makala. Nyama ndi mitengo zikatha, mlendo adzabwera kudzaona ciani? Pomana wanchito mwadzimana nokha.

Levitiko 19:13 atiletsa kugoneka malipiro a wanchito, ndipo pa Genesis 2:15 Mulungu anaikiza munda m'manja mwa munthu. Ziwirizi ziyendera limodzi. Cotero alendo akaculuka, sungani ndalama zolipirira anchito m'dzinja. Apatseni tsiku lopuma kuti akapembedze. Afunseni nzeru: wophika ndiye adziwa kumene nkhuni ndi madzi zikuonongeka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tipemphere: Atate, tiphunzitseni kusunga anchito athu ndi dziko limene munatibwereka. Amen.